Mango ndi chambiko: chakumwa cha ku India chimene tingamapite nacho kwa odwala

Amayi anzanga, ndiyambe ndi funso limene ndimakonda kufunsa tikakumana pa misonkhano ya bungwe lathu. Mukamapita kukazonda wodwala, kaya ali kuchipatala cha pa boma ku Mwanza kaya wagona kunyumba kwake, mumanyamula chiyani m'kachikwama? Yankho ndikulidziwa kale, chifukwa ndaliona pa timakabati ta pambali pa bedi kwa zaka zoposa 30 zimene ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba. Pamakhala botolo la zoziziritsa kukhosi, buledi kapena mabanzi, ndipo amene m'thumba muli kanthu amawonjezera paketi ya mabisiketi. Mphatso zimenezi zimachokera pansi pa mtima, ndipo nthawi zambiri mayi amakhala atazigula ndi ndalama imene akanagulira mchere wa pakhomo pake. Sindikuzinyoza ayi. Vuto ndi lakuti m'botolo muja muli madzi, shuga ndi mpweya basi. Wodwala amamwa, m'mimba mumadzaza, nsima ikafika amakankhira mbale kumbali, ndipo thupi limene likufunika kumanga chilonda silinalandire chomangira chilichonse.

Pamene izi zikuchitika m'wodi, kunja mango akugwa okha. Kuyambira mwezi wa Novembala mpaka mu Januwale, aliyense amene wayendako ku Thambani, ku Kunenekude kapena ku Tulonkhondo akudziwa fungo la mango owola pansi pa mitengo. Boma lathu limadziwika ndi manachesi, ndipo iwo ali ndi mwayi, chifukwa amapeza ogula m'mbali mwa msewu wopita ku Zobue ndi m'misika ya ku Blantyre. Mango a m'mudzi, aja a ulusi, ambiri amathera kwa mbuzi, nkhumba ndi ntchentche. Nyengo imeneyi ndi yomweyonso imene chakudya chimayamba kuchepa m'nkhokwe, malungo amachuluka, ndipo mabedi a m'chipatala amadzaza.

Lero ndikufuna tiphunzire chakumwa chimodzi chimene chimalumikiza zinthu ziwirizi, wodwala wosowa chilakolako cha chakudya ndi mango osowa wodya. Anzathu a ku India amachitcha lassi.

Mmene ndinachidziwira

Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito ndi asisitere ena ochokera kumpoto kwa India. M'wodi yathu munali mayi wachitsikana amene anachira kudzera pa opaleshoni, kenako chilonda chinavuta, anatentha thupi kwa masiku angapo. Kutenthako kutatsika, chakudya chinamukanabe. Nsima ankangoiyang'ana, phala ankati likumuchititsa nseru, mkaka wa m'mawere unayamba kuchepa, ndipo agogo amene ankamudikirira anali atayamba kunong'oneza zoti mwana amupatse phala la madzi. Madzulo ena asisitere aja anabwera ndi fulasiki, nathira m'kapu chinthu chachikasu cholemerera ngati phala la mwana. Mayi uja analawa supuni imodzi, kenako ina, mpaka kapu inatha. Sindikunena kuti chakumwacho ndicho chinamuchiritsa. Anachira ndi mankhwala, kutsuka chilonda ndi chisomo cha Mulungu. Koma ndicho chinali chinthu choyamba kulowa m'kamwa mwake osabwerera, ndipo patapita masiku awiri anapempha yekha nsima ya nyemba.

Nditafunsa kuti athiramo chiyani, asisitere anaseka. Anati mulibe chachilendo, ndi mango a kuseri kwa nyumba yawo ndi mkaka wosasa. Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa mkaka wosasa ndinakulira nawo. Ndi chambiko.

Lassi kwawo kwenikweni ndi ku Punjab, dera limene lili mbali ina ku India, mbali ina ku Pakistan, kumene alimi amaweta ng'ombe ndi njati za mkaka. Kumeneko mkaka wosasa amautcha dahi. Amauthira madzi pang'ono n'kuupukusa ndi kamtengo kamene amakazunguza pakati pa zikhato, monga momwe ife timapukusira phala kapena therere, mpaka utachita thovu. Ena amathiramo mchere ndi zokometsera, ena shuga, ndipo mango akapsa, amene kwawoko amapsa nyengo yotentha ya Epulo mpaka Julayi, amathiramo mango. Dziko la India ndilo limakolola mango ambiri kuposa dziko lina lililonse, ndipo ndilonso limakama mkaka wochuluka kuposa onse, choncho n'zosadabwitsa kuti ziwirizi zinakumana m'kapu imodzi. Mukapita kumalo odyera a Amwenye ku Limbe kapena ku Blantyre mukachipeza pa mndandanda wa zakumwa, pa mtengo umene ungakudzidzimutseni mukakumbukira mango aja akuwola kwanu.

Kodi m'kapumo muli chiyani?

Alangizi a zaumoyo akhala akutiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. M'makomo ambiri gulu limene limasowa kwambiri ndi la zochokera ku nyama, ndipo zipatso timaziona ngati zoseweretsa za ana. Kapu imodzi ya lassi imabweretsa magulu awiri amenewa pamodzi, ndi mafuta pang'ono a mumkaka momwemo.

Kapu ya chambiko ya mamililita 250 imakhala ndi magalamu pafupifupi 8 a zomanga thupi, komanso kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano. Mango akupsa ali ndi vitamini C wambiri, amene amathandiza chilonda kupola, ndipo chikasu chija mumachiona ndicho chimene thupi limasandutsa vitamini A, woteteza maso, khungu ndi chitetezo cha m'thupi. Apa pali chinsinsi chimene ndimakonda kuuza ophunzira anga a unamwino: vitamini A amalowa bwino m'thupi akakhala pamodzi ndi mafuta. Mwana akadya mango okha amapindula, koma akadya ndi chambiko amapindula koposa.

Palinso amayi ambiri amene amandiuza kuti mkaka sawuyanja, akamwa m'mimba mumalira, mumadzaza mpweya, ena amatsekula kumene. Zimenezi si ufiti kapena matenda. Akuluakulu ambiri matupi awo amavutika kugaya shuga wachilengedwe wa mumkaka wotchedwa lactose. Mkaka ukamasasa, tizilombo tabwino timadya gawo lina la shuga ameneyu n'kumusandutsa asidi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amene mkaka wamba umawavuta, chambiko amamwa popanda dandaulo. Kuwawasa kwake kumathandizanso munthu amene m'kamwa mwake mwazizira chifukwa cha matenda kapena mankhwala, uja amati chilichonse chikumveka ngati thabwa.

Tisaiwale ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Kapu ya mango ndi chambiko siingathetse vuto lalikulu chonchi, koma mwana amene amangodya phala loyera m'mawa ndi nsima ya masamba masana, akamalandira kapu yotere kangapo pa sabata m'nyengo ya mango, wapeza chimene analibe.

Zonse zagona pa mkaka

Apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa chakumwa chimenechi chikapangidwa mosasamala chingathe kudwalitsa yemwe timati tikumuthandiza.

Kumudzi chambiko timachipanga pongosiya mkaka wongokama kumene m'chigubu mpaka utagwirana. Ambiri tinakula tikudya chotero ndipo tilipo. Koma mkaka wosawiritsa ungathe kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chimene chimagwiranso anthu, ndi matenda ena otchedwa brucellosis, amene amatenthetsa thupi mobwerezabwereza ndi kuphwanya m'mfundo, moti munthu amangoti ndi malungo osamva mankhwala. Muthanso kukhala tizilombo tina toopsa kwa mayi woyembekezera, totha kuchititsa kuti apite padera. Ng'ombe ingaoneke yonenepa bwino koma ili nawo. Kusasa sikupha tizilombo tonseti, kumapha ndi moto. Munthu wamphamvu mwina thupi lake lingalimbane nato, koma ife tikunena za wodwala, mayi wapakati, nkhalamba ndi mwana wamng'ono. Choncho lamulo langa ndi limodzi: mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi uyambe wawira, kenako usase.

Njira yachidule ndi kugula chambiko cha m'paketi kapena yogati wopanda shuga ku golosale, chifukwa mkaka wake unaphikidwa kale ku fakitale. Onani tsiku lothera ntchito, ndipo paketi yofufuma isiyeni. Magetsi athuwa mukuwadziwa, ndiye gwirani paketiyo mumve ngati ikuzizira.

Njira yotsika mtengo ndi kupanga nokha. Tengani lita imodzi ya mkaka, muusefe pa kansalu koyera, muuike pamoto m'poto wotsuka bwino. Muzitakasa kuti usapserere pansi. Ukawira n'kuyamba kukwera, chepetsani moto, upitirire kuwira pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako phulani ndi kuvundikira. Ngati kwanu kulibe ng'ombe, mkaka wa ufa wokhala ndi mafuta ake onse umagwira ntchito bwino lomwe. Usungunuleni m'madzi owiritsa motsatira muyeso wolembedwa pa chitini, ndipo mukawonjezerako supuni imodzi chambiko chimalimba bwino. Koma chenjerani ndi ufa woyera uja wothira mu tiyi, monga Cremora. Umenewo si mkaka, mbali yaikulu ndi mafuta a zomera ndi shuga. Sungasase, ndipo si chakudya cha mwana.

Tsopano mkaka uja ukufunika mbewu, ndiye kuti chambiko kapena yogati wokhala kale ndi tizilombo tabwino. Masupuni aakulu awiri kapena atatu akukwanira pa lita. Pano ndi pamene ine ndinalakwitsa ulendo woyamba. Ndinali pa changu chopita ku ntchito ya usiku, ndinathira mbewu mumkaka wotentha, ndipo m'mawa ndinapeza mkaka uli chimodzimodzi, kungoti wayamba kununkha. Ndinali nditapha mbewu yanga ndi moto. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati mbewu yanu ndi yogati, dikirani mkaka ufike pofunda, madigiri 40 mpaka 45. Simukusowa choyezera. Donthezani pang'ono ndi supuni pamkono, pamalo paja timayeserapo madzi osambitsa khanda. Uzimveka wofunda bwino osawotcha. Musaviikemo chala. Thirani mbewu, takasani, tsanulirani m'chidebe cha pulasitiki cha zakudya kapena m'botolo lagalasi lotsuka ndi madzi otentha, vundikirani, kulungani ndi nsalu kapena bulangeti, ndipo musachigwedeze kwa maola 6 mpaka 8. Fulasiki ya kukamwa kwakukulu imachita bwino kwambiri. Ngati mbewu yanu ndi chambiko cha m'paketi, icho sichifuna kutentha kotero. Siyani mkaka uzizire mpaka usamvekenso kufunda, thirani mbewu, muike pamalo abwino m'nyumba. Ndi kutentha kwa kuno mu Novembala, mukapanga madzulo m'mawa chimakhala chitagwira. Nyengo yozizira chimatha kutenga tsiku lathunthu. Musasasitsire m'poto wa aluminiyamu, chifukwa asidi amadya chitsulocho ndipo kukoma kumasintha.

Chambiko chabwino chimagwirana, chimanunkhira kuwawasa koyera, ndipo timadzi tachikasu toyandama pamwamba si vuto, ingotakasirani momwemo. Chikachita nkhungu, chikasintha mtundu, chikamanunkha ngati chowola kapena kuwawa ngati ndulu, tayani osalawitsa munthu. Patulani masupuni atatu a mbewu ya mawa musanayambe kugwiritsa ntchito chotsalacho, koma mukabwereza katatu kapena kanayi gulani mbewu yatsopano, chifukwa popita nthawi mumalowa tizilombo tina tosaitanidwa.

Mango ndi madzi

Mango aliwonse akupsa bwino amatheka. Aja a mitundu yatsopano, monga Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, savuta chifukwa ulusi ndi wochepa, mumangosenda n'kudula. Maboloma nawo ali ndi mnofu wambiri. Koma ine ndimakonda timango ting'onoting'ono ta m'mudzi, chifukwa n'totsekemera kwambiri moti shuga safunikanso. Ulusi wake usakuopseni, sefa ndiye ntchito yake.

Thyolani a mumtengo, kapena tolani amene angogwa kumene ndipo khungu lake silinang'ambike. Amene agona pansi, olumidwa ndi mileme kapena obooka, asiyireni ziweto. Atsukeni bwino, makamaka ku tsinde kumene kumakhala utomoni, uja umatupitsa ana milomo. Mukasenda yang'anitsitsani mkati, poti ena amaoneka bwino kunja koma mkati muli mphutsi za ntchentche.

Za madzi sindinyengerera. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nyengo ya mango ndi nyengo ya mvula zoyamba, pamene zonyansa za kutchire zimakokolokera m'zitsime ndi m'mitsinje. Madzi otsukira mango, otsukira sefa ndi makapu, ndi othira m'chakumwa, onse akhale owiritsa kapena othira klorini, ndipo mukathira klorini dikirani mphindi 30. M'manja sambani ndi sopo. Madzi oundana ogula pamsika musathiremo, simukudziwa kumene anatungidwa.

Ndinenepo za mawu aja akuti mango amayambitsa malungo. Ndawamva kwa agogo, ndawamvanso kwa aphunzitsi. Malungo amabwera ndi udzudzu, ndipo udzudzu umachuluka mvula ikayamba, nthawi yomweyo imene mango akupsa. Mango angopezeka pamalo a ngozi. Chimene mango osatsuka angabweretse ndi kutsekula m'mimba. Ena amati kuphatikiza mango ndi mkaka n'koopsa. Chikhulupiriro chimenechi chiliponso kutali ku Brazil, koma anthu mamiliyoni a ku India amene amamwa lassi chaka ndi chaka akanakhala atatha.

Kapangidwe kake

Pa makapu anayi mufunika makapu awiri a mnofu wa mango, amene ndi mango aakulu atatu kapena ang'onoang'ono 8 mpaka 10, makapu awiri a chambiko, ndi theka la kapu ya madzi abwino ozizira.

Dulani mnofu m'mbale, muuphwanye ndi foloko kapena mthiko woyera. Ngati ndi mango a ulusi, sendani, finyirani m'sefa ndi manja osamba bwino, muzikanikiza ndi kumbuyo kwa supuni mpaka ulusi wokha utatsala pamwamba. Thirani chambiko m'mbale yakuya, chipukuseni chokha kaye mpaka zibuma zitatha, kenako thirani mango, pukusaninso. Madzi muthire pomaliza, pang'onopang'ono, mpaka chifike pamene mukufuna. Cha wodwala ndimachisiya cholemerera, chifukwa madzi akachuluka mwachepetsa chakudya m'kapumo. Amene alibe chopukusira atenge botolo la kukamwa kwakukulu lotsuka bwino, athire zonse mpaka theka, atseke, akhutchumule kwa mphindi ziwiri. Ana amaikonda ntchito imeneyi. Amene muli ndi makina ogayira zipatso ndipo magetsi alipo, theka la mphindi lakwana.

Lawani musanaganize za shuga. Nthawi zambiri safunika. Ngati chambiko chawawasa kwambiri, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pa makapu onse anayi zikukwana. Asisitere aja ankathiramo kambewu konunkhira kotchedwa cardamom, kamene m'masitolo a Amwenye amati elaichi. Njere za m'makoko awiri, zosinja, zimakwanira mbale yonse. Ndi kamene kamabweretsa fungo lenileni la ku India, koma kakasowa musadandaule. Kajinja pang'ono kamathandiza amene ali ndi nseru, ndipo ine ndayesapo kupala pang'ono khungu la nachesi lotsuka bwino, zinakoma ndithu, ngakhale asisitere akanamva akanapukusa mutu.

Kuti chizizire popanda filiji, ikani botolo lotseka bwino m'beseni la madzi pamthunzi, kapena likulungeni ndi nsalu yonyowa pamalo opita mphepo. Musaliviike mumtsuko wa madzi akumwa. Chambiko chokha chimapirira kutentha kwa tsiku limodzi chifukwa cha asidi wake, koma mukangosakaniza ndi mango nthawi yayamba kuwerengedwa. Popanda filiji chimwedwe pasanathe maola awiri. Mu filiji chingagone usiku umodzi. Ndiye ngati wodwala ali kutali, mwachitsanzo mukuchokera kwa Govati kupita ku boma, musasakanizire kunyumba. Nyamulani chambiko m'botolo lake, mango osasenda, mpeni, kasefa ndi madzi abwino, mukapangire komweko.

Ndani amwe, ndani asamale

Mwana wosakwana miyezi 6 asalawe n'komwe. Wake ndi bere lokha, mwakathithi. Kuyambira miyezi 6 mungamupatse masupuni angapo a chambiko cha mkaka wowiritsa chosakaniza ndi mango osefa, cholimba choti adye ndi supuni, chopanda madzi, chopanda shuga. Uchi musathire kwa mwana wosakwana chaka. Ichi ndi chowonjezera chabe, bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwana amene watupa mapazi, wawonda kwambiri kapena wakana kudya, malo ake ndi kuchipatala kumene akamuyeze ndi kumupatsa chiponde. Musataye masiku mukuyesa za kunyumba. Chimodzimodzi wotsekula m'mimba: choyamba ndi Thanzi ORS, kwa mwana ndi zinki yemwe, ndipo ngati chimbudzi chili ngati madzi a mpunga thamangani naye nthawi yomweyo. Lassi ndi wa pamene wayamba kuchira ndipo tikufuna abwezeretse thupi.

Amayi oyembekezera, ndi inu amene muli ku chidikiro, imwani ndithu. Koma mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira ku sikelo musamwere chakumwa chimenechi, chifukwa kashiamu wa mumkaka amatsekereza ayironi kulowa bwino m'thupi, monganso amachitira tiyi. Papite maola awiri pakati pake. Palinso mankhwala ena opha tizilombo, monga ciprofloxacin ndi doxycycline, amene sagwirizana ndi mkaka pa nthawi imodzi. Choncho mukafika m'wodi, musanatsegule botolo, funsani anamwino ngati wodwala wanu akuloledwa. Wina amakhala akudikira opaleshoni ndipo sayenera kudya kanthu, wina ali ndi vuto la impso ndipo zakudya zake n'zoyeza. Funso limeneli silitikwiyitsa. Chimene chimatipweteka ndi kupeza wodwala atamwetsedwa kale mobisa.

A matenda a shuga, mango akupsa ali ndi shuga wambiri ngakhale musathiremo wa m'paketi. Theka la kapu, chambiko chochuluka kuposa mango, pamodzi ndi chakudya, osati tsiku lililonse. Kapena pangani lassi wa mtundu wina uja, wa chambiko, madzi ndi kamchere pang'ono, amene ku Punjab alimi amamwa pochokera kumunda. A kuthamanga kwa magazi mcherewo ausiye.

Kwa agogo opanda mano, kwa amene ali ndi zilonda m'kamwa, kwa amene akumwa mankhwala a TB ndipo thupi latha, chakumwachi ndi chifundo chenicheni. Mungachilemeretse ndi supuni ya nsinjiro zosalala bwino kapena nthochi yakupsa. Wodwala amene anafa ziwalo ndipo amatsamwa pomeza, mukhazikeni tsonga, mumupatse ndi supuni pang'onopang'ono, chili cholimba. Akayamba kutsokomola lekani, ndipo mukauze achipatala.

Zimene bungwe lingachite

M'malimana ambiri muli kale ndondomeko ya amene akukazonda odwala sabata ino. Chovuta pa lassi ndi mkaka, chifukwa si khomo lililonse lingaukwanitse. Koma ndalama imene amayi anayi akanagulira mabotolo anayi a zoziziritsa kukhosi, itasonkhedwa pamodzi, ingagule mkaka wokwanira odwala angapo, mango n'kuchokera kuseri kwa nyumba. Musankhe mayi mmodzi kapena awiri odziwika ndi ukhondo kuti ndiwo azisasitsa mkaka, ndipo ziwiya zake zikhale zapadera, zosaphikiramo ndiwo. Ndikunena izi chifukwa ndinaonapo gulu lina la amayi, kutali ndi kuno, limene linapanga ndowa yathunthu m'mawa pa tsiku la chikondwerero, n'kuisiya padzuwa mpaka Misa ndi malonje zitatha. Madzulo ake tinalandira anthu angapo akudandaula m'mimba, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'mudzi umo simungatchulenso za mango ndi mkaka.

Ena mwa inu, ndikudziwa, mwayamba kale kuwerengera phindu. Si maganizo oipa. Anzathu a kwa Kam'mwamba, dera limene linali mbali ya Mwanza boma la Neno lisanapatulidwe mu 2003, anaonetsa dziko kuti malambe ndi bwemba zingasanduke chakumwa cha m'botolo chogulitsa m'masitolo. Koma mkaka ndi wosachedwa kuwonongeka kusiyana ndi malambe. Kuika m'mabotolo n'kumagulitsa kumafuna filiji yodalirika ndi chilolezo cha a Malawi Bureau of Standards. Poyambira pabwino ndi kupanga pang'onopang'ono pamaso pa ogula, pa tsiku la zokolola kapena pa msonkhano wa parishi, chambiko chili m'chidebe chozizira, makapu akutsukidwa ndi sopo ndi madzi a klorini.

Mango akamatha mu Januwale, njala ndiye imakhala ikufika pachimake, ndipo pa 11 Febuluwale, tsiku limene Mpingo umapempherera odwala pa dziko lonse, mumtengo mumakhala mulibe kanthu. Mukafuna kudzakhala ndi chopita nacho tsiku limenelo, yambani mu Novembala dzuwa likadali lamphamvu. Sankhani mango akupsa koma olimba, a ulusi wochepa, muwadule mopyapyala, muwayanike pa thandala loyera lokwera, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala kotchinga ntchentche. Musagwiritse ntchito neti ya udzudzu, ili ndi mankhwala ndipo ntchito yake ndi ina. Madzulo muzilowetsa m'nyumba. Pakatha masiku atatu kapena anayi a dzuwa labwino amakhala atauma, opindika ngati chikopa koma osatuluka madzi mukawafinya. Asungeni m'botolo louma lotseka bwino, pamalo amdima, ndipo muziwayang'ana sabata iliyonse ngati sanachite nkhungu. Pa tsiku lowafuna, viikani dzanja limodzi la mango oumawo m'kapu ya madzi owiritsa ofunda kwa ola limodzi, muwaphwanye pamodzi ndi madzi akewo, musefe, kenako muthire m'chambiko monga mwa masiku onse.